Agogo asadikire bokosi kuti avale bwino

Kuvala malaya ndi ntchito imene munthu wathanzi amaimaliza asanaiganize n'komwe. Koma mkati mwake muli tintchito tambiri toyenera kutsatana bwino: kuzindikira kuti chili m'manjachi ndi malaya, kudziwa kumaso ndi kumsana kwake, kupeza mkono, kupinda chigongono, kutukula phewa, kenako kulowetsa batani lililonse pabowo lake. Munthu wodwala matenda oiwalaiwala a dementia amayamba kusokoneza ndondomeko imeneyi. Amene adachita sitiroko, kapena amene mfundo zake zidauma ndi nyamakazi, ndondomekoyo amaidziwa koma thupi ndilo limakana. Okalamba ambiri ali ndi mavuto awiriwa pamodzi, ndipo tsiku lawo limayamba ndi kulimbana ndi chovala chimene wosoka adachisoka poganizira munthu wa manja awiri amphamvu ndi mutu wogwira.

Zovala zosokedwa moganizira anthu otere zilipo, ndipo nzeru yake si yozama: chovala chizitsatira thupi ndi maganizo a wodwala, m'malo moti wodwala azipindidwa kuti akwane m'chovala. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'Malawi muno kuvala sikuwerengedwa m'gulu la chisamaliro cha odwala. Agogo akamatuluka m'chipatala amapatsidwa mapiritsi, tsiku lodzaonananso ndi dokotala, mwinanso ndodo kapena njinga ya aulumali ngati mwayi ulipo. Funso loti kunyumbako azikavala chiyani, ndipo azikavekedwa motani, limasiyidwa m'manja mwa gadiyani, amene kawirikawiri amakhala mwana wamkazi, mtengwa kapena mdzukulu yemwe sadaphunzitsidwepo kalikonse. Apa alephera achipatala, alephera a sukulu za ntchito zamanja, alepheranso mabanja, ndipo tsoka lake limagwera munthu amene sangathenso kudandaula.

Vutoli si la anthu owerengeka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'chaka cha 2021 anthu 57 miliyoni adali ndi dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse a iwo amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Chaka chilichonse pamapezeka odwala atsopano pafupifupi 10 miliyoni. Pakati pa 60 ndi 70 mwa 100 alionse amakhala ndi mtundu umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adaufotokoza mu 1906. Mtundu wina umabwera mitsempha ya magazi ya mu ubongo ikatsekeka kapena kuphulika, ndipo umenewu ngwoyenera kuopedwa kuno, popeza kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Sitiroko imodzi ikhoza kupha mkono ndi mwendo n'kusokonezanso mutu. WHO imatinso pa maola 100 alionse osamalira odwalawa, 70 amagwira ndi amayi. Choncho nkhani ya zovala imakhudzanso msana ndi nthawi ya mayi amene amalawirira m'bandakucha kusambitsa, kuveka ndi kuchapa asanapite kumunda kapena ku geni.

Matendawa amasokoneza kavalidwe pang'onopang'ono. Poyamba munthu amangobwereza chovala chimodzi masiku angapo, kapena kuvala juzi padzuwa la October n'kutuluka ndi kamalaya kopyapyala m'chisanu cha June. Kenako ndondomeko imabalalika: kabudula wam'kati amavalidwa pamwamba pa buluku, mwendo umalowa pamkono wa malaya, mabatani amaphonyana ndi mabowo. Sutikesi yodzaza zovala, imene kale ankainyadira, imayamba kumuzunguza mutu, moti amangoima n'kumaiyang'ana osadziwa poyambira. Matenda akakula, munthu saonanso chifukwa chovulira. Womuvula akhoza kukhala mwana wobala yekha, koma iye akuona mlendo amene akumugwira thupi. Diresi yovulira kumutu imamuphimba maso kwa kanthawi, ndipo mumdima umenewo mantha amamugwira: amakuwa, amakankha, nthawi zina amamenya kapena kuluma. Apabanja amati agogo ayamba makani, ayamba nkhanza. Chikhalirecho munthu wina aliyense atavulidwa mokakamiza ndi munthu wosamudziwa angachite chimodzimodzi.

Thupi nalo lili ndi zake. Mkono wofa ndi sitiroko umalendewera paphewa lopanda mphamvu, ndipo kuukoka kuti ulowe m'malaya othina kukhoza kugwedeza mfundo ya paphewapo n'kusiya ululu wosatherapo. Munthu akagona nthawi yaitali osachita mafizo, zigongono ndi mawondo zimauma zili chipindire. Khungu la wokalamba ndi lopyapyala, limang'ambika ndi zipi kapena chikhadabo chabe. Wokhala panjinga kapena pampando tsiku lonse amakhalira msoko wokhuthala wa jinzi, thumba lakumbuyo ndi tizitsulo take. Pamene fupa lakanikiza khungu kwa maola ambiri magazi sayenda, ndipo pamabuka chilonda chovuta kupola, makamaka m'munsi mwa msana, m'mbali mwa chiuno ndi kuzidendene.

Palinso nkhani imene mabanja sakonda kuitchula. Okalamba ena amene amanenedwa kuti ayamba kudziipitsira, chikhodzodzo chawo chimakhala chikugwirabe ntchito ndithu. Kungoti chimbudzi chili kuseri kwa nyumba, miyendo ndi yolemera, ndipo akafika amapeza lamba, ngowe, batani ndi zipi, zonse zofuna zala zimene zikunjenjemera. Mkodzo sudikira zonsezo. Munthu wotere akangomuveka thewera amataya luso limene akadakhala nalobe nthawi yaitali akadamusokera buluku la lasitiki, ndipo banja limayamba kugula matewera ndi ndalama imene ikadagula ndiwo.

Choopsa kwambiri ndi kuvula pagulu. Wodwala dementia savula popanda chifukwa: mwina watenthedwa, nsalu ikumuyabwa, wanyowa, lamba akumufinya, akufuna kukataya madzi, kapena akuganiza kuti yakwana nthawi yosamba. Poti mawu adamuthawa, amangovula. Matenda omwewa amachititsanso munthu kudzuka usiku n'kuuyamba ulendo wopita kumudzi kumene adakulira kapena kuntchito imene adapuma kalekale. Ziwirizi zikakumana, kumacha nkhalamba ili pamphambano kapena pakhomo la eni, yosavala, yosatha kunena dzina lake ngakhale kumene yachokera. Zimene anthu amanena zikatero n'zodziwika: yagwa m'ndege ya ufiti. Dziko lino laona okalamba akugendedwa ndi kuphedwa chifukwa cha manong'onong'o otere. Ku Neno mu January 2016 anthu anayi achikulire adaphedwa tsiku limodzi powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Sikuti onse ophedwa motere amakhala odwala matendawa, koma wodwala dementia ndiye sangadziteteze ngakhale ndi pakamwa, ndipo akafunsidwa mwaukali akhoza kuvomera chilichonse. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma gulu lolusa likasonkhana apolisi amafika zinthu zitaipa kale. Chovala chosatentha ndi chosayabwa, chimene munthu alibe chifukwa chochivulira, chosokereredwa kansalu kolembedwa dzina lake, mudzi wake ndi nambala ya foni ya wachibale, chikhoza kumubweza kunyumba ali moyo.

Maiko olemera adayamba kale kulingalira za nkhaniyi. Ku New York m'zaka za m'ma 1950, Helen Cookman, katswiri wokonza masitayilo a zovala, adagwira ntchito ndi chipatala cha Dr Howard Rusk chothandiza anthu ovulala ndi aulumali, n'kutulutsa zovala zotchedwa Functional Fashions. M'zaka zomwezo George de Mestral wa ku Switzerland adalembetsa Velcro, timalamba tiwiri tomatana timene lero timapezeka pansapato za ana ndi pazikwama za sukulu. Makampani ngati Silverts ya ku Canada ndi Buck & Buck ya ku Seattle akhala akugulitsa kwa zaka zambiri malaya otsegula kumsana ndi mabuluku otsegula m'mbali. Posachedwapa makampani otchuka nawo alowapo. Nike idatulutsa nsapato za FlyEase mu 2015, mnyamata waulumali Matthew Walzer atailembera kalata yopempha nsapato zoti azitha kuvala yekha. Tommy Hilfiger idayamba zovala zotere za ana mu 2016, za akuluakulu chaka chotsatira. Maura Horton adayambitsa malaya a MagnaReady, otseka ndi maginito obisika kuseri kwa mabatani, mwamuna wake wodwala Parkinson atayamba kulephera kumanga malaya.

Zonsezi n'zabwino, koma sadazisokere agogo a ku Ntchisi kapena ku Nsanje. Zimagulidwa pa intaneti ndi madola kapena mapaundi, m'dziko limene kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Zambiri adazikonzera makina ochapira ndi zimbudzi zokhalira, osati kuchapa pamwala, kuyanika paudzu ndi kunyonyomala pachimbudzi chokumba. Ana amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku UK, ku Ireland kapena ku Joni amazidziwa ndipo ena amatumiza, koma katundu akafika agogo akhoza kukana: buluku la masewera limene sadavalepo chibadwire, kwa iwo si lawo. Maginito nawo ali ndi chenjezo lake, chifukwa sayenera kuyandikira kachipangizo kothandiza mtima kugunda kamene anthu ena amaikidwa pachifuwa. Ndipo pakati pa katundu yemweyu pali chovala chimodzi choyenera kuchikayikira kwambiri: ovololo ya zipi kumsana, yosokedwa dala kuti wodwala asathe kuivula. Imeneyi imapumitsa wosamalira, wodwala n'kutsala ndi vuto lake. Wovula chifukwa cha kutentha amapitiriza kutenthedwa, wofuna kuchimbudzi amadziipitsira momwemo. Ndi chingwe chomangira munthu, kungoti chili ndi kolala. Ngati ingagwiritsidwe ntchito n'komwe, ikhale njira yomaliza, zifukwa zonse zovulira zitafufuzidwa kaye.

Ena anganene kuti Amalawi safunika zonsezi chifukwa chitenje chilipo. Mfundoyi ndi yomveka. Chitenje chilibe batani kapena zipi, chimakwana wonenepa ndi woonda yemwe, chimachapika ndi kuuma msanga, ndipo n'chotheka kumuveka munthu ali chigonere. Koma chitenje chimadalira mfundo ya m'chiuno, imene imafuna manja awiri ndiponso kukumbukira kuimanganso ikamasuka. Kwa mayi wa dzanja limodzi chimagwa akangoimirira. Chikatsika chimakola mapazi, ndipo kugwa kwa wokalamba kukhoza kuthera pa kuthyoka kwa fupa la m'chiuno, kumene ambiri sadzukanso nako. Panjinga nsonga yake imakodwa m'masipoko. Pogona chimadzikundika pansi pa msana n'kupanga makwinya amene amadya khungu. Choipa koposa n'chakuti chitenje chasanduka pothawira. Bambo amene moyo wake wonse sankatuluka m'nyumba wopanda jekete amangokulungidwa m'nsalu ya chipani n'kusiyidwa kuchipinda kuti alendo asamuone. Kumeneko n'kubisa munthu, osati kumuveka.

Chovala chimakumbutsa munthu kuti iye ndani, ndipo matendawa amayamba kufufuta za dzulo, za kale n'kutsalako. Mayi amene wakalambira mu Mvano kapena m'Chigwirizano akhoza kuiwala dzina la mdzukulu, koma akaona bulauzi yoyera ndi duku amadziwa kuti lero n'kokapemphera, ndipo amatambasula yekha mkono. Mphunzitsi wopuma mtima umakhala m'malo akamva kolala pakhosi. Bambo wachisilamu amafuna mkanjo ndi mzuli wake. N'chifukwa chake malo oyamba kufunako zovala zoyenera ndi m'sutikesi ya wodwala mwini wakeyo. Zovala zimene maso ndi khungu lake zidazolowera ndizo ziyenera kupita kwa telala. Kaunjika amabwera pambuyo: kumeneko kumapezeka chofanana ndi chimene amakonda, chokulirapo ndi saizi imodzi kapena ziwiri. Ndipo ngati agogo akakamira diresi imodzi osafuna kuivula, nzeru ndi kupeza ina yofanana nayo kuti zizisinthana pochapa, m'malo mokangana nawo m'mawa uliwonse.

Ntchito ya telalayo si yachilendo kwa aliyense wodziwa kusoka. Malaya a bambo amene manja ake akugwirabe pang'ono amangofuna kuchotsa mabatani, kutseka mabowo, kusokerera mabataniwo pamwamba pa mabowo kuti azioneka ngati omanga, ndi kuika tizidutswa ta Velcro kapena mabatani odina kunsi kwake. Wodutsa amaona malaya wamba, pamene mwini wake amangogunditsa mbali ziwiri, basi atseka. Mabatani a kumikono amasokedwa ndi ulusi wa lasitiki kuti dzanja lizidutsa osamasula. Kwa amene sangathenso kutukula manja, telala amasoka kutsogolo kuti kukhale kotsekeratu, n'kudula kumsana kuchokera pakolala mpaka pansi, n'kuwonjezera nsalu kuti mbali imodzi ipitirire pamwamba pa inzake osasiya mpata. Zomangira zimaikidwa paphewa, osati pamzere wa msana pamene munthu amagonera. Malaya otere amalowa chakutsogolo, mikono yonse ili pansi, munthu ali chikhalire kapena chigonere, popanda kumuphimba kumaso. Diresi ndi bulauzi zimatsata njira yomweyo.

Buluku limafuna lasitiki wofewa ndi wotambalala m'chiuno m'malo mwa lamba ndi ngowe, komanso timagwiriro ta nsalu m'mbali momwe chala chingakole pokweza. La munthu wa panjinga likhale lokwera kumbuyo ndi lotsika kutsogolo, chifukwa munthu akakhala pansi buluku wamba limatsetsereka kumbuyo n'kudzikundika pamimba. Matumba akumbuyo achotsedwe, ndipo ngati thumba likufunika lisokedwe pantchafu. Kwa wogoneratu, misoko ya m'mbali imatsegulidwa kuchokera m'chiuno mpaka pabondo kapena mpaka pansi, kuti kusintha thewera kusafune anthu awiri onyamula. Chitenje nacho chimakonzeka: chikasokedwa ngati siketi yokulunga, ya lasitiki kumbuyo ndi chomatira kutsogolo, yolekeza pamwamba pa akakolo, chimaoneka monga mwa masiku onse koma sichigwa. Mapazi otupa amafuna masokosi osafinya ndi nsapato zotambalala, zogwira chidendene, zomata pamwamba ndi zosaterera pansi. Mapatapata ndi masilipasi ovuka okha ndi msampha pakhonde la simenti yopolishidwa.

Nsalu isankhidwe mosamala. Ya thonje imalowetsa mpweya, imamwa thukuta, ndipo imapirira kuchapidwa tsiku ndi tsiku. Ya nayiloni imatentha, ndipo pafupi ndi mbaula kapena moto wa nkhuni, pamene okalamba amakonda kuothera m'nyengo yozizira, imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mikono yolendewera ndi mphonje n'zoopsa pachifukwa chomwecho. Timaluwa ting'onoting'ono ndi madontho ambirimbiri amasokoneza odwala ena, amene amayamba kuwatola poyesa nyerere kapena zinyalala, choncho nsalu ya mtundu umodzi kapena ya maluwa odekha ndiyo yabwino. Malaya akasiyana mtundu ndi buluku, munthu amaona msanga pamene china chathera ndi pamene china chayambira. Tizilembo ta kukhosi ndi misoko yokanda zichotsedwe. Velcro nayo ili ndi mwambo wake: mbali yokakala isayang'ane kukhungu, ndipo pochapa imatidwe kaye, kupanda apo imatola ulusi n'kusiya kugwira. Kukazizira, zovala zopepuka ziwiri kapena zitatu zotsegula kutsogolo zimaposa juzi imodzi yolemera yovalira kumutu.

Chovala chabwino sichikwanira ngati kavekedwe kali kolakwika. Lamulo loyamba limene a mafizo amaphunzitsa ndi lakuti mkono kapena mwendo wofooka umalowa poyamba povala, ndipo umatuluka pomaliza povula. Woveka amalowetsa dzanja lake kuchokera kumapeto kwa mkono wa malaya, n'kugwira dzanja la wodwala, n'kumakweza nsaluyo m'malo mokoka mkono. Munthu avale atakhala pansi, chitseko chili chotseka, mbali ya thupi imene sinafikidwe itafundidwa. Asafunsidwe kuti avala chiyani lero patsogolo pa mulu wa zovala, koma aonetsedwe ziwiri kuti aloze chimodzi. Zovala ziyalidwe pamphasa kapena pabedi motsatana, n'kumaperekedwa chimodzichimodzi ndi mawu ochepa: "Agogo, lowetsani dzanja apa." Chimene angathe yekha achite yekha ngakhale chitenge nthawi, chifukwa pa matendawa luso losiyidwa limazimirira msanga. Akakana, kulimbana naye sikupindula kanthu. Kumusiya kanthawi n'kubweranso kumathandiza kuposa mphamvu. Nthawi yovala ndi mpatanso woyendera khungu: malo amene asintha mtundu, atentha kapena alimba kusiyana ndi pena ponse, makamaka pamwamba pa fupa, ndi chiyambi cha chilonda.

Pali chinanso chimene osoka akunja sakuchidziwa. Pamwambo wa kuno mwana wamwamuna saona thupi la mayi ake, ndipo mtengwa kuvula apongozi ake aamuna ndi chinthu cholemera kwa onse awiri. Koma matenda safunsa kuti watsala pakhomo ndani, ndipo nthawi zina wopezeka ndi yemweyo amene mwambo umamuletsa. Manyazi amenewa amachititsa wodwala kuswera ndi chovala chonyowa podikira wachibale woyenera abwere kuchokera kumunda kapena kumsika. Malaya otsegula kumsana ndi buluku lotsegula m'mbali zimalola kusintha mbali imodzi ina ili yophimbika, moti wosamalira amagwira ntchito yake popanda kuvula kholo lake kotheratu.

Chonamizira chimene chimamveka kawirikawiri ndi umphawi. Umphawi ulipodi, ndipo pali mabanja amene ngakhale sopo wochapira amachita kupempha. Koma kusinthitsa malaya atatu ndi mabuluku awiri kwa telala wa pakhonde sikungafanane ndi ndalama zimene zimatuluka tsiku la maliro. Banja lomwe lija linkati palibe ndalama ya lasitiki, agogo akangotsamira mkono limapeza suti yatsopano, bokosi lonyezimira, nkhata za maluwa ndi nsalu yofanana ya anamfedwa onse, pena ndi matisheti osindikizidwa nkhope ya malemu. Ana a kutauni amene sankayankha foni amafika ndi magalimoto. Munthu amene adathera zaka zake zomaliza m'sanza zonunkha mkodzo amapita kumanda atatchena kuposa tsiku la ukwati wake. Kulemekeza maliro si kulakwa, koma ulemu umene mwini wake sangaumve umapindulira oonerera. Akuluakulu adati mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ndipo ankanena za mayi wamoyo.

Udindo sukuthera pabanja. Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la anthu achikulire komanso lamulo latsopano la anthu aulumali, limene lidasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Malamulo oterewa amakhala mawu chabe ngati safika pa zinthu zogwirika monga izi. Unduna wa Zaumoyo uyenera kuika nkhani ya kavalidwe pa uphungu umene gadiyani amalandira wodwala sitiroko asanatuluke m'chipatala, ndiponso m'maphunziro a alangizi a zaumoyo ndi magulu osamalira odwala kumudzi, pamodzi ndi kapepala ka zithunzi koti banja lipite nako kwa telala. Malo ngati Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, amene amaona odwala otere tsiku lililonse, ali ndi nzeru zoti n'kugawana ndi osoka. TEVETA, imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ingathe kuwonjezera phunziro limeneli pa maphunziro a utelala. MACODA ili kale ndi malo ophunzitsira ntchito zamanja, kuphatikizapo kusoka, ku Magomero ndi ku Lilongwe, ndipo palibe angamvetse za msoko wokhalira kuposa telala amene iye mwini amayendera njinga. Bungwe la MANEPO, limene limayankhulira okalamba, lisatope kuwakumbutsa onsewa.

Mipingo ndi mizikiti ndiyo ili pafupi kwambiri ndi wodwala. Amayi a mabungwe a mpingo amayendera odwala atanyamula ufa, sopo ndi shuga, ndipo pakati pawo sipasowa wodziwa kusoka kapena wokhala ndi makina. Kutenga malaya awiri a wodwala ulendo uno n'kubwera nawo atakonzedwa ulendo wotsatira ndi chithandizo chokhalitsa kuposa paketi ya shuga. Kwa atelala, apa pali ntchito yopatsa ndalama. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 5 mwa 100 alionse adali a zaka 60 kapena kuposa, osawerengera ovulala pangozi za kabaza ndi ana aulumali amene amafuna zovala zofananazo. Telala amene akudandaula kuti kaunjika adamulanda makasitomala ali ndi ntchito imene belo silingagwire, chifukwa imafuna kufika pakhomo, kuyeza munthu ali chikhalire, kuona dzanja limene likugwira ndi kufunsa chimene mwini wake ankakonda kuvala.

Zosowa za wodwala zimasintha matenda akamakula, choncho zovala ziyenera kumaunikidwanso pakapita miyezi ingapo. Amene lero akungofuna Velcro m'malo mwa mabatani, m'tsogolo adzafuna malaya otsegula kumsana. Amene waonda adzafuna lasitiki wobwezedwa, amene mapazi atupa adzafuna nsapato zina. Kuthamangira kumuveka za munthu wogoneratu pamene akuthabe kudziveka n'kumufooketsa, ndipo kuchedwa kusintha n'kumupweteka. Pa gawo lililonse mafunso ndi anayi. Kodi chovalachi chikulola munthuyu kuchita yekha zimene angathe? Kodi chikulowa ndi kutuluka popanda ululu ndi mantha? Kodi chikuteteza khungu lake ndi kumupewetsa kugwa? Nanga iye mwini akadakhala bwinobwino, akadalola kutuluka nacho pakhomo? Chovala cholephera limodzi mwa mafunso amenewa chibwerere kwa telala.